Katemera wa mRNA Polimbana ndi Khansa ndi Mabakiteriya

Katemera aliyense ali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi kuonetsa thupi maonekedwe a mdani kuti lidzamuzindikire tsiku limene lidzakumane naye. Yachiwiri ndi kulitsimikizira thupilo kuti mdaniyo ndi woopsa, woyenera kumudzutsira asilikali. Katemera amene wangochita ntchito yoyamba ali ngati munthu amene wapachika chithunzi cha mbala pamtengo wa pamsika koma osakuwa: anthu amachiyang'ana n'kupitiriza malonda awo. Katemera wa mRNA, amene dziko lonse linamudziwa mu 2020, anakwanitsa ntchito zonse ziwiri polimbana ndi COVID-19. Khansa ndi mabakiteriya ambiri ndi adani amtundu wina, ndipo amafuna mkuwo wina komanso asilikali ena. Kafukufuku wambiri wa masiku ano wagona pa kupeza mkuwo woyenera ndi kudzutsa asilikali oyenerawo.

Mmene katemerayu amagwirira ntchito

Mkati mwa selo muli DNA, nkhokwe ya malangizo onse opangira mapuloteni a thupi. DNA imakhala pakatikati pa selo ndipo situluka. Pakafunika puloteni inayake, selo limakopera ndime imodzi ya malangizowo pa kachingwe kotchedwa mRNA, ndipo kachingweko kamapita kumalo opangira mapuloteni. Kakawerengedwa kwa kanthawi kamaphwasuka n'kutha. Asayansi anatsimikizira kuti mRNA ilipo mu 1961, ndipo mu 1990 ofufuza a ku Wisconsin ku America anaonetsa kuti mRNA yobayidwa m'mnofu wa mbewa imachititsa maselo a mbewayo kupanga puloteni imene yalembedwamo.

Katemera wa mRNA amadalira zimenezi. M'malo mobaya munthu kachilombo kofooketsedwa kapena kakufa, amamubaya malangizo opangira kachigawo kamodzi ka mdaniyo. Maselo a munthu amapanga kachigawoko, chitetezo cha m'thupi chimakaona n'kukaphunzira, kenako malangizo aja amatha osafika n'komwe pamene pali DNA.

mRNA ndi yosalimba, ndipo ikalowa m'thupi yopanda chophimba imawonongeka nthawi yomweyo. Chifukwa cha ichi amaikulunga mu timibulu ta mafuta tating'ono kwambiri, totchedwa LNP. Timibuluti timapangidwa ndi mitundu inayi ya mafuta, umodzi mwa iyo ndi cholesterol. Wofunika koposa ndi mtundu umene umasintha khalidwe lake ukalowa m'selo n'kutsegulira mRNA njira yotulukira m'kambulumo. Luso limeneli linakula kwa zaka zambiri, makamaka ku Vancouver m'dziko la Canada, m'gulu la Pieter Cullis ndi anzake.

Mkuwo wochuluka ndi mkuwo wochepa

Thupi limakayikira RNA iliyonse yochokera kunja chifukwa mavairasi ambiri amanyamula malangizo awo pa RNA. Maselo ali ndi alonda, monga TLR7, TLR8 ndi RIG-I, amene akangoona RNA yachilendo amatulutsa mankhwala ochenjeza otchedwa interferon. Chenjezo limeneli likakula, selo limaleka kupanga mapuloteni kuti vairasi isachulukane. Kwa opanga katemera zimenezi zinali chopinga chachikulu, popeza mRNA yawo inkayambitsa kutupa kwambiri koma puloteni yofunikayo inkapangidwa pang'ono.

Katalin Karikó ndi Drew Weissman a pa University of Pennsylvania ndiwo anapeza njira. Mu 2005 anaonetsa kuti kusintha pang'ono chimodzi mwa zilembo zinayi za RNA, chotchedwa uridine, n'kuikapo mbale wake pseudouridine, kumachititsa kuti alonda aja asaizindikire msanga mRNA. Patapita zaka zitatu anaonetsanso kuti mRNA yosinthidwa chotere imapangitsa puloteni yochuluka. Awiriwa analandira mphoto ya Nobel mu 2023. Akatemera a COVID-19 a Pfizer-BioNTech ndi Moderna anagwiritsa ntchito mRNA yosinthidwa, ndipo pa mayeso akuluakulu anateteza pafupifupi 95 peresenti. Katemera wa kampani ya CureVac ya ku Germany, amene uridine wake sanasinthidwe, anateteza 48 peresenti yokha pa mayeso a mu 2021, ngakhale kuti pa nthawiyo mitundu yatsopano ya kachilomboko inali itafalanso.

Apa pamabuka funso: ngati mRNA yatontholetsedwa, ndani akukuwa? Kafukufuku wa mu 2021 wa ku Pennsylvania komweko anaonetsa kuti ndi timibulu ta mafuta tija. Ngakhale topanda kanthu mkati, timadzutsa chitetezo cha m'thupi ndi kulimbikitsa maselo amene amathandiza kupanga ma antibody. Chophimba chimene anthu ankachiyesa thumba chabe chinapezeka kuti ndi chimene chimaliza mfuu.

Asilikali amene akufunika

Chitetezo cha m'thupi chili ndi magulu awiri akuluakulu a asilikali ophunzitsidwa. Gulu loyamba ndi maselo a B, amene amapanga ma antibody, timapuloteni timene timayenda m'magazi n'kumamatira mdani amene ali kunja kwa maselo. Gulu lachiwiri ndi maselo a T. Ena mwa iwo, otchedwa CD4, amatsogolera ndi kulimbikitsa anzawo. Ena, otchedwa CD8, amapha selo la thupi lomwelo likapezeka kuti labisa mdani kapena lasanduka loipa.

Selo lililonse limaika pakhungu pake tizidutswa ta mapuloteni amene likupanga mkati, monga mmene wogulitsa amayalira pakhomo zitsanzo za katundu amene ali m'sitolo. Maselo a CD8 amayendera zitsanzozi, ndipo akaona chachilendo amapha selolo. Koma asanayambe ntchitoyi amayenera kuphunzitsidwa ndi maselo a dendritic, amene Ralph Steinman anawatulukira mu 1973. Maselo amenewa amatola tizidutswa ta mdani n'kupita nato m'timwanabere ndi m'kapamba, kumene maselo a T amasonkhana. Kuti selo la CD8 lisanduke msilikali weniweni pamafunika zinthu zitatu: kuona kachidutswako, kulandira chilolezo chochokera kwa selo la dendritic, ndi kumva mankhwala olimbikitsa monga IL-12 kapena interferon. Chimodzi chikasowa, selo la T limakhala lofooka kapena limazolowera mdaniyo n'kumamulekerera.

Pa COVID-19, ma antibody anagwira mbali yaikulu ya ntchito chifukwa kachilomboko kamayenera kudutsa panja kasanalowe m'selo. Selo la khansa ndi selo la munthu mwini wake. Mabakiteriya a chifuwa chachikulu amakhala mkati mwa maselo a chitetezo amene anayenera kuwapha. M'malo oterewa ma antibody safikamo, ndipo ntchito imagwera maselo a T.

Khansa: kupeza chosiyanitsa

Katemera wa khansa wa mRNA amasiyana ndi katemera wa HPV, amene dziko la Malawi linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2019. Wa HPV amateteza ku vairasi imene imayambitsa khansa ya khomo la chiberekero, ndipo amaperekedwa munthu asanadwale. Wa mRNA amene akuyesedwa pano ndi wochiza: amaperekedwa kwa munthu amene ali kale ndi khansa, kawirikawiri chotupa chitachotsedwa pa opaleshoni, kuti asilikali asake maselo oipa amene atsalira.

Vuto loyamba ndi lakuti chitetezo cha m'thupi chinaphunzitsidwa kuyambira m'mimba kusalimbana ndi maselo a mwini thupi. Komabe selo lisanasanduke khansa, DNA yake imalakwika m'malo angapo, ndipo zolakwikazo zimabala mapuloteni opotoka amene sapezeka m'maselo abwino. Tizidutswa ta mapuloteni opotokawa timatchedwa neoantigen. Timasiyana pakati pa wodwala ndi wodwala, choncho katemera amapangidwira munthu mmodzi yekha. Madokotala amawerenga DNA ya chotupa ndi ya magazi a wodwalayo, makompyuta amafananiza ziwirizo n'kusankha zolakwika zimene maselo a T angathe kuziona, ndipo zosankhidwazo zimalembedwa pa mRNA. Uğur Şahin ndi Özlem Türeci a kampani ya BioNTech ku Mainz anafalitsa mu 2017 zotsatira za njirayi pa odwala 13 a melanoma, khansa yoopsa ya pakhungu, ndipo onse anapanga maselo a T olimbana ndi ma neoantigen awo.

Mayeso awiri ndiwo atchuka kwambiri. Oyamba anachitikira pa chipatala cha Memorial Sloan Kettering ku New York motsogozedwa ndi Vinod Balachandran, pa khansa ya pancreas, chiwalo cha kuseri kwa chifu chimene chimapanga insulini. Khansa imeneyi imabwereranso mwa odwala ambiri ngakhale opaleshoni itayenda bwino. Zidutswa za zotupa zinkatumizidwa ku Mainz, kumene ankapanga katemera wa ma neoantigen osapitirira 20 pa wodwala aliyense. Mwa odwala 16, asanu ndi atatu anapanga maselo a T amphamvu, ndipo pamene zotsatira zinkafalitsidwa mu 2023, patapita pafupifupi miyezi 18, palibe mmodzi mwa iwo amene khansa inamubwerera. Mwa asanu ndi atatu enawo, theka anali atabwereredwa pasanathe miyezi 14. Patatha zaka zitatu, asanu ndi mmodzi mwa gulu loyamba lija anali adakali opanda khansa.

Mayeso achiwiri ndi a makampani a Moderna ndi Merck pa odwala 157 a melanoma amene zotupa zawo zinachotsedwa. Katemera wawo amanyamula ma neoantigen okwana mpaka 34. Amene analandira katemera pamodzi ndi mankhwala a pembrolizumab, chiopsezo chawo chobwereredwa ndi khansa kapena kumwalira chinatsika ndi 44 peresenti poyerekeza ndi amene analandira mankhwalawo okha, ndipo patatha zaka zitatu kusiyanako kunali 49 peresenti. Mayeso a gawo lachitatu, okhudza anthu ochuluka, anayamba mu 2023.

Pali mfundo ina yochititsa chidwi. Pa akatemera ake a khansa, BioNTech imagwiritsa ntchito mRNA ya uridine wosasinthidwa, yokulungidwa m'mafuta amene amaifikitsa ku kapamba ikabayidwa mumtsempha. Interferon amene anali chopinga pa katemera wa ma antibody akufunidwa dala pano, chifukwa ndiye amakhwimitsa maselo a dendritic ndi kunola maselo a CD8. Palibe mlingo umodzi wa mkuwo woyenera matenda onse.

Kumasula mabuleki

M'mayeso onse awiriwa katemera sanaperekedwe yekha. Maselo a T ali ndi mabuleki achibadwa, monga PD-1 ndi CTLA-4, amene amawaletsa kuwononga thupi mopitirira muyeso. Zotupa zambiri zimaphunzira kuponda mabuleki amenewa, moti msilikali amafika pachotupa n'kungoima. James Allison wa ku America ndi Tasuku Honjo wa ku Japan analandira mphoto ya Nobel mu 2018 chifukwa cha ntchito imene inabala mankhwala omasula mabulekiwa. Pembrolizumab ndi mmodzi mwa iwo, ndipo atezolizumab, amene anaperekedwa kwa odwala a ku New York aja, ndi wa gulu lomwelo. Katemera amachulukitsa asilikali odziwa mdani, mankhwalawa amawalola kugwira ntchito.

Mu 2025 ofufuza a pa MD Anderson ku Texas ndi a pa University of Florida anafalitsa zimene anapeza m'mafayilo a odwala khansa ya m'mapapo. Mwa amene analandira katemera wa mRNA wa COVID-19 mkati mwa masiku 100 kuchokera pamene anayamba mankhwala omasula mabuleki, theka anakhala ndi moyo miyezi yoposa 37, pamene kwa osalandira katemerayo malire amenewa anali pafupifupi miyezi 21. Katemerayo analibe chilichonse cha khansa mkati mwake. Zikuoneka kuti mkuwo wake wokha ndi umene unadzutsa asilikali. Popeza izi zinachokera m'mafayilo akale, osati pa mayeso ogawa odwala mwamaere, zikufunika kutsimikizidwa.

Zowonjezera mphamvu

Chinthu chimene chimathiridwa mu katemera kuti chikuze mkuwo chimatchedwa adjuvant. Chimodzi mwa zakale kwambiri ndi mchere wa aluminiyamu, umene Alexander Glenny anaonetsa mphamvu yake ku Britain mu 1926. Mcherewu umathandiza kupanga ma antibody koma sudzutsa kwenikweni maselo a CD8. Ubwino wa mRNA ndi wakuti adjuvant nayenso angathe kulembedwa ngati malangizo, thupi n'kumupanga lokha pamalo oyenera.

Chitsanzo chabwino ndi IL-12, mankhwala a m'thupi amene gulu la Giorgio Trinchieri linawatulukira ku Philadelphia mu 1989. IL-12 ndi imodzi mwa mfuu zamphamvu kwambiri zodzutsira maselo opha. Mphamvu yomweyo ndi imene inaipangitsa kukhala yoopsa: mu 1995, pa mayeso obaya puloteniyi mumtsempha mwa odwala khansa ya impso, ambiri anadwala kwambiri ndipo awiri anamwalira. Cholakwika chinali kumwaza mankhwalawa thupi lonse. Akalembedwa pa mRNA n'kusakanizidwa ndi katemera, amapangidwa pang'ono ndiponso kwa nthawi yochepa, makamaka kumene katemerayo wafika. Mu 2025 gulu la Christopher Hunter la pa University of Pennsylvania linaonetsa kuti kuwonjezera mRNA ya IL-12 kumachulukitsa maselo a CD8 mu mbewa, ndipo mbewazo zinatetezeka bwino ku mabakiteriya a Listeria ndi ku melanoma.

Njira zina zikutsata mfundo yomweyi. Ku Brussels, Kris Thielemans ndi anzake anapanga TriMix, msakanizo wa mRNA zitatu zimene zimakhwimitsa maselo a dendritic kuti apereke chilolezo champhamvu kwa maselo a T. Ku MIT, ofufuza analumikiza puloteni ya katemera ndi kachidutswa ka m'magazi kotchedwa C3d, n'kusinthanso mafuta a chophimba, ndipo mbewa zinapanga ma antibody ochuluka kakhumi. Palinso mRNA yodzichulukitsa yokha ikalowa m'selo. Dziko la Japan linavomereza katemera wa COVID-19 wamtunduwu mu 2023. Mlingo wake ndi mamaikulogalamu 5, pamene wa Pfizer-BioNTech unali 30 ndipo wa Moderna 100.

Mabakiteriya

Kufunika kwa akatemera atsopano a mabakiteriya kukukula chifukwa maantibayotiki akuchepa mphamvu. Mu 2019 mokha, mabakiteriya osamva mankhwala anapha anthu pafupifupi 1.27 miliyoni padziko lonse. Chifuwa chachikulu cha TB chinapha pafupifupi 1.25 miliyoni mu 2023, ndipo katemera wake yekhayo, BCG, ndi wa mu 1921; amateteza ana aang'ono ku TB yoopsa koma sateteza mokwanira mapapo a akuluakulu.

Zopinga zilipo zitatu. Choyamba ndi kukula kwa mdani. Kachilombo ka COVID-19 kali ndi mapuloteni osakwana 30, ndipo yoyenera kuloza inali yodziwikiratu. Bakiteriya wa TB ali nawo pafupifupi 4,000. Chachiwiri n'chakuti selo la munthu likamapanga puloteni ya bakiteriya limatha kuimata timashuga timene puloteni yeniyeniyo ilibe, motero asilikali amaphunzira nkhope yolakwika. Chachitatu n'chakuti akatemera ambiri a mabakiteriya amene alipo, monga a chibayo ndi a tayifodi, amaloza chikopa cha shuga chimene chimakuta bakiteriya, pamene mRNA imangotha kulamula kupanga mapuloteni.

Chopinga choyamba anachiyesa ku Ghent m'dziko la Belgium pa Listeria, bakiteriya wofala kudzera m'zakudya amene amabisala m'maselo ndipo ndi woopsa kwa amayi oyembekezera ndi makanda. Ndi yemweyu amene anadwalitsa anthu oposa 1,000 ndi kupha oposa 200 ku South Africa mu 2017 ndi 2018 kudzera mu poloni. M'malo mongoganizira puloteni yoyenera, ofufuzawo anapatsira maselo a munthu bakiteriyayu mu labotale, n'kutola tizidutswa timene maselowo anayala pakhungu pawo. Anapeza tizidutswa ta mapuloteni oposa 40, nasankhapo ochepa oonekera kwambiri, n'kuwalemba pa mRNA pamodzi ndi adjuvant wa mtundu wa mafuta. Mbewa zotemeredwa zinatetezeka, monga anafalitsira mu 2022.

Chopinga chachiwiri anachilambalala ku Israel, kumene ofufuza a pa Tel Aviv University ndi anzawo analimbana ndi Yersinia pestis, bakiteriya wa mliri umene umafala ndi utitiri wa makoswe. Anasintha malangizo kuti puloteni ya bakiteriyayo ipangidwe mokhazikika ndi m'maonekedwe amene chitetezo chingawaone bwino, ndipo mu 2023 analengeza kuti kubaya kamodzi kokha kunapulumutsa mbewa zonse zimene zinapatsidwa mlingo wakupha wa bakiteriyayo. Mu 2024 gulu la ku Philadelphia linapanga katemera wa Clostridioides difficile, bakiteriya wotsegula m'mimba amene amavutitsa odwala omwa maantibayotiki nthawi yaitali. Linaika mRNA zingapo pamodzi, zina zolimbana ndi poizoni wa bakiteriyayo, zina zolimbana ndi bakiteriya mwini wake. Pa TB, BioNTech inayamba mu 2023 kuyesa mwa anthu akatemera onyamula mapuloteni angapo, ku Germany ndi ku South Africa.

Zimene zikutsala

Zambiri mwa zotsatira zokhudza mabakiteriya ndi ma adjuvant atsopano zachokera ku mbewa, ndipo chitetezo cha mbewa chimasiyana ndi cha munthu m'njira zingapo, kuphatikizapo mmene chimamvera RNA yachilendo. Mayeso a khansa amene apereka chiyembekezo anali a anthu ochepa. Kukuza mkuwo kulinso ndi mtengo wake. Kutentha thupi, kuphwanya m'thupi ndi kupweteka kwa mkono zimene anthu ambiri anamva atabayidwa katemera wa COVID-19 zimachokera ku mkuwo womwewo, ndipo mwa anthu ochepa, makamaka anyamata, panaoneka kutupa kwa mnofu wa mtima. Wodwala khansa yakupha angathe kulolera zowawa zimene sizingaloledwe pa katemera woperekedwa kwa ana mamiliyoni amene ali bwinobwino, choncho mlingo wa adjuvant uyenera kuyezedwa molingana ndi matenda komanso ndi amene akulandira.

Palinso nkhani ya ndalama ndi kapangidwe. Katemera wopangidwira munthu mmodzi amafuna makina owerengera DNA, akatswiri a makompyuta ndi fakitale yotha kumaliza ntchito m'milungu yochepa. N'chifukwa chake akuyesanso akatemera opangidwiratu, oloza mapuloteni amene amapezeka mwa odwala ambiri, monga a HPV16 m'khansa za pakhosi. Kusunga nakonso n'kovuta, popeza katemera woyamba wa Pfizer-BioNTech ankafuna kuzizira kwa madigiri 70 pansi pa ziro. Ntchito youmitsa mRNA kuti ipirire kutentha ikupitirira. Pofuna kuti luso limeneli lisakhale la mayiko olemera okha, bungwe la WHO linakhazikitsa mu 2021 malo ophunzitsira kapangidwe ka mRNA pa kampani ya Afrigen ku Cape Town, ndipo mu December 2023 BioNTech inatsegulira malo opangira katemera ku Kigali m'dziko la Rwanda. TB ili m'gulu la matenda amene malo awiriwa akulinga kuwapangira katemera.